Msitu Umene Nyuzi Inautcha Matabwa

Mzungu wogula malo uja anamenya mbawa ndi ndodo yake katatu, n'kutchera khutu ngati munthu woyesa mphika pamsika.

"Ilibe mphako," anatero m'Chingerezi. "Ilipo ingati yotere?"

"Simungaiwerenge," anayankha bwana wanga, wogulitsa malowo. "Nyumba yonse ituluka muno, zitseko ndi mawindo omwe. Nthambi muotchere njerwa. Tiloweni muone nokha."

Ine ndinaima kumbuyo kwawo. Unyolo woyezera malo unali paphewa, thumba kumsana. Onyamula machila anali atatsala kutali, panjira. Anakana kuyandikira. Bwana anati ndi ulesi. Iwo ankadziwa, inenso ndinkadziwa. Kuseri kwa mbawa imeneyo kunali manda a mwana wanga.

Ndinene za ntchito yanga. Ndinali kapitawo ndi womasulira wa bwanayo. Sukulu ndinaphunzira pang'ono ku mishoni, mongokwanira kuwerenga Chingerezi pang'onopang'ono, chala chili pa mzere. Bwanayo ankagulitsa malo a kampani ina ya ku Blantyre kwa azungu obwera kumene. Inali nthawi imene khofi ankafa m'minda ndipo azungu anali atayamba kukamba za tiyi. Ofesi yake inali chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo, cha ku Chonde.

Pakhoma la ofesiyo anakhomapo pepala limene anadula m'nyuzi ya azungu. Linkanena za iye. Linkati ndi munthu woona mtima, bwenzi la anthu akuda, wodziwa mtsinje uliwonse wotsika m'phiri la Mulanje. Ndinaliwerenga kambirimbiri. Mitsinje imeneyo ankaiwoloka ali mtulo m'machila, chipewa chili kumaso. Amene ankaidziwa ndine.

Mawu ogulitsira malo anali nawo akeake. Dambo ankalilemba kuti malo a madzi osaphwa. Pamiyala ankati pokwera, pa mphepo yabwino, popanda malungo. Kutali ndi msewu ankati kwabata. Minda ya anthu ankati nthaka yofewa kale. Midzi ankati antchito ali pomwepo. Pamwamba pa mawuwo nyuzi inkaika chithunzi chojambula pamanja: nyumba ya khonde, phiri kumbuyo, ng'ombe imodzi. Munthu panalibe.

Ndinkaseka nazo. Sindibisa. Ndinkamuthandizanso. Ndine ndinkamuuza kuti malo akuti muwaonetse mvula ikugwa, kamtsinje kasanaume. Malo akuti mufikeko m'mawa, udzudzu usanadzuke. Kapitawo sankalima thangata, ntchito ija yolipira malo okhalapo. Khasu la mzungu sindinkaligwira. Ndinkati ndine wochenjera.

Tsiku lina nyuzi inabwera ndi wamakalata. Bwana anandiponyera.

"Werenga, kapitawo. Umve mmene amalembera anthu odziwa."

Ndinaika chala. Malo m'munsi mwa phiri la Chambe, mbali ya Likhubula. Madzi chaka chonse. Antchito pomwepo. Kenaka mzere womaliza: msitu wa mitengo ikuluikulu ya matabwa, umene nkhwangwa sinaukhudzepo.

Ndinawerenganso. Malowo ndinawadziwa. Unali mudzi wa mkazi wanga, kumene ndinkakhala chikamwini. Anthu a kwawo ndi Alomwe. Anawoloka Ruo pothawa Apwitikizi, eni dziko n'kuwapatsa pokhala, n'kuwalolanso kuika akufa awo mu msitu womwewo umene iwo ankaikamo awo kuyambira kale. Mwana wathu woyamba, wamkazi, tinamuika mmenemo dzinja lapitalo. Anali atangoyamba kuyenda.

"Bwana, amenewa ndi manda."

"Ndikudziwa."

"Mwalemba matabwa."

"Ndanama pati? Mitengo mulibe? Nkhwangwa inalowamo?"

Sinalowemo. Pamenepo sananame. Umo ndi mmene ankanamira munthu uja. Liwu lililonse palokha linali loona.

"Akadula, akufa atsala pamtetete."

"Akufa sawerenga nyuzi," anatero. Anatseka chitseko. "Tamvera. Wogula akubwera Lachinayi. Mitumbira ndi yotsika, masamba anaikwirira. Zimene zingaulule ndi miphika ija mumaikapo. Lachitatu ukaichotse yonse. Akasaina, ukaibwezere ngati ukufuna."

"Akasaina mitengo ndi yake."

"Ukufuna unyolo kapena khasu? Alipo ambiri ofuna unyolo."

Lachitatu ndinapita.

Kumanda munthu salowa yekha. Amayamba wauza akulu. Olowa ndi adzukulu, okumba manda, ndipo amalowa pa maliro pokha. Ngakhale nkhuni yogwa yokha siitoledwa. Ndinadikira dzuwa lifike pamutu, anthu ali kuminda ya nandolo. Pamphepete ndinaomba m'manja katatu. Sindidziwa chimene ndinaombera. Wakuba saodira.

Mkati munali mozizira. Pamtumbira uliwonse panali chiwiya cha mwini wake: mphika, mtsuko, mbale, chikho. Chilichonse chinali choboola pansi, kuti wamoyo asachigwiritsenso ntchito. Ndinanyamula ziwiriziwiri, n'kukazibisa m'kakhwawa kuseri kwa mwala. Ndinachita mofulumira. Sindinayang'ane kuti ichi ndachichotsa pati. Ndinkangofuna kutuluka.

Cha mwana wanga ndinathera nacho. Kanali kambale kadothi, kokwana m'dzanja. Anaumba ndi mayi wake. Ndinafika nako pakhwawa, dzanja linakana. Ndinakaika m'thumba.

Lachinayi m'mawa mkazi wanga anatenga thumbalo kuti aikemo chinangwa chootcha, monga ankachitira masiku onse. Anapisamo dzanja. Anaima. Sanakatulutse. Anakadziwa ndi zala.

"Inu."

"Ndibweza madzulo."

"Mwana adyera pati lero?"

"Ndati ndibweza."

"Mwatenga kokhaka?"

Ndinayang'ana kuphiri. Chiperoni chinali chitaphimba Chambe.

"Za amalume? Za agogo? Zonse?" Mawu ake anatsika. "Madzulowo mitengo idzakhala ya yani?"

Ndinatenga thumba m'manja mwake. Chinangwa sanaikemo. Ndikutuluka ndinamuona akulowera ku nyumba ya mayi ake.

Ndi mmene ndinapezekera kumbuyo kwa azungu awiri, pamphepete pa msitu.

Analowa. Ndinatsatira. Wogulayo anali wamtali, wowonda, wa ndevu zofiira. Anali atakhalapo ku dziko lina la tiyi, ndipo sankakhulupirira msanga. Chilichonse ankachigwira. Ankafukula dothi ndi ndodo, n'kulinunkhiza. Ankayang'ana m'mwamba, milomo ikuwerenga. Mbawa, mlombwa, muwanga. Nsapato zake zinkamira m'masamba. Anakwera pamtumbira wa amalume a mkazi wanga, n'kutsika. Anakwera pa wina.

"Bwanji pansi pano pali tizitunda?"

"Mizere yakale ya mbatata," anatero bwana. "Muone chonde chake. Si choncho, kapitawo?"

Ndinatsokomola.

"Mbatata pamthunzi?" anafunsa wogula.

"Mitengo inali isanakule."

"Mitengo iyi ndi yakale kuposa agogo anu."

Bwana anaseka kwambiri, n'kumugwira mkono kuti aone mbali ina. Wogulayo anapita, koma anatembenuka kamodzi kuyang'ana pansi. Kenaka anaima pomwe ndinkaopa. Chidendene chake chinali kumutu kwa mwana wanga. Anatulutsa kabuku n'kuyamba kulemba.

"Macheka awiri," anatero. "Amuna khumi. Tiyambire uwu."

Ndipamene tinamva kuomba m'manja.

Pamphepete pa msitu panali akazi awiri. Mkazi wanga anaima. Apongozi anga, mayi ake, anakhala pansi, miyendo atatambasula, msana atalozetsa kwa ife. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana. Tikakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Zaka zinayi ndili pamudzipo, nkhope yawo sindinkaidziwa bwino. Ndinkadziwa msana ndi mawu. Akafuna kundiuza kanthu, ankauza mwana wawo ine ndikumva.

Anayamba kulankhula Chilomwe, osakweza mawu.

"Uwauze bambo a kunyumba kwako. Tinawapatsa munda. Tinawapatsa nyumba. Tinawapatsa iwe. Uwafunse ngati tinawapatsanso akufa athu kuti akagulitse."

Mkazi wanga sanabwereze. Ankadziwa kuti ndamva.

"Akuti chiyani mayiyo?" anafunsa wogula.

"Akukulonjerani," anatero bwana. "Akupempha ntchito ya ana ake. Ndinakuuzani, antchito ali pomwepo."

"Wolonjera amafulatira?"

"Ndi mwambo wawo. Ulemu."

Apongozi anapitiriza. "Uwafunse. Ine ndikafa mundiika m'munda wa mzungu? Adzandilimira pamwamba? Nanga kamwana kaja, akasiya ndi njala kuti iwo akhute?"

Wogulayo anasiya bwana n'kutembenukira kwa ine.

"Iwe. Umamva Chingerezi. Akuti chiyani?"

Bwana anandiyang'ana. Sanaphethire. Dzanja lake linaloza unyolo unali paphewa langa, pang'ono chabe, kuti ndione ine ndekha.

Ndinatsitsa thumba. Ndinapita nalo pamene anaima wogulayo, n'kugwada.

"Sunthani phazi, bwana."

Anasuntha. Ndinasesa masamba ndi manja mpaka dothi lofiira linaoneka, kamtumbira kafupi ngati mkono wanga. Ndinatulutsa kambale n'kukaika kumutu. Ndinakakanikiza kuti kakhazikike.

"Kapitawo!" anatero bwana. "Imirira!"

Ndinaimirira, koma ndinapita kukhwawa. Ndinabwera ndi mtsuko kudzanja lino, mphika kudzanja linalo. Ndinaima pakati pa msitu. Ndipamene ndinaona chimene ndinachita. Sindinkadziwa kuti chiti n'cha yani. Masamba anali ofanana ponseponse. Kuika chiwiya cha munthu pa manda a mnzake ndi kuyambanitsa akufa. Ndinaima ngati chitsa, ziwiya zili m'manja.

Mkazi wanga anaona. Anawerama kwa mayi ake.

"Anyamula mtsuko wa khosi lalitali, wa mizere itatu."

"Wa mlongo wanga," anatero apongozi, osatembenuka. "Patsinde pa mkuyu, mbali ya kuphiri."

Ndinakaika.

"Mphika wakuda, wobenthuka pamlomo."

"Wa amayi. Pafupi ndi mlongo wangayo, kumapazi kwake. Uwauze aike bwino. Sankafuna zopendekeka."

Ndinaika bwino.

Ndinabwereranso kukhwawa. Mkazi wanga ankatchula chiwiya, apongozi ankatchula mwini wake ndi malo, ine ndinkanyamula. Chikho cha mwamuna wawo. Mbale ya mphwawo amene anafa ndi nthomba chaka chimene anafika. Timiphika tiwiri ta mapasa. Za eni dziko, amene anaikidwa iwo asanawoloke Ruo, ankazidziwanso. "Chimenecho si chathu. Cha achimwene a eni mudzi wa kutsidya. Pa muwanga wopindika." Sanaphonye ngakhale chimodzi. Sanacheuke ngakhale kamodzi.

Bwana anayesa kulankhula. Anati ndi zikhulupiriro chabe, mbale zakale zimene akazi amataya kutchire. Anati munthu uyu wadwala mutu, ndimuchotsa lero lomwe. Anati tiyeni tikaone madzi, madzi ndiwo chuma cha malo ano. Wogulayo sanasunthe. Ankanditsata ndi maso. Pamene ndinkaika, iye ankabwerera m'mbuyo, kufuna poponda. Posakhalitsa poponda panasowa. Anaima ndi mapazi pamodzi, pamuzu wa mbawa.

Anatola kamphika kamodzi ndisanakaike. Anakatembenuza, n'kulowetsa chala pachiboo.

"Onse ndi oboola?"

"Onse."

"Ndani anazichotsa?"

"Ine."

"Anakutuma ndani?"

Ndinangotambasula dzanja. Sanafunsenso. Anandipatsa kamphikako.

"Ndikabweretsa macheka, adula ndani muno?"

"Palibe."

"Ndikalipira kawiri?"

"Palibe."

"Ndikatenga anthu a kutali?"

Ndinaloza kunjira ndi mlomo. Onyamula machila, Ayao a kutali, anali ataunjikana pansi pa mtengo wina, osayang'ana n'komwe kumene tinali.

"Ndipo mukadula," ndinatero, "mudzi usamuka. Wothyola tiyi mudzamusowa."

Ndiwo mawu ambiri amene ndinalankhula tsiku lonselo.

Wogulayo anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa pepala lodula m'nyuzi. Analitambasula. Anawerenga mokweza, pang'onopang'ono ngati mmene ndinkawerengera ine.

"Umene nkhwangwa sinaukhudzepo."

Anaseka kamodzi, kuseka kouma. Sanavule chipewa. Sanapepese munthu. Musaganize kuti anatimvera chisoni. Anangoona kuti akanagula mitengo imene sakanaidula.

"Msitu uwu utuluke m'malire," anauza bwana. "Sindigula manda. Zotsalazo nditenga, ndikaona ndekha ngati madzi anuwo ali madzi. Ndipo za matabwa tikakambirananso."

"Pepala la malire linalembedwa kale."

"Mulembenso. Kulemba mumatha."

Khosi la bwana linafiira mpaka m'makutu. Anandikuwira kuti ndikoke unyolo. Ndinakoka. Wogulayo anagwira yekha mbali inayo, chifukwa wina aliyense anakana. Tinazungulira msitu wonse, ine ndikukhoma zikhomo. Chikhomo chilichonse ndinkachikankhira kunja pang'ono, kusiya malo a amene tinali tisanafe. Wogulayo anaona. Anangopitiriza kukoka unyolo.

Minda ndi mudzi zinatsala mkati mwa malire ake. Izo sindinazipulumutse. Thangata inabwera, ndipo ndinailima zaka zambiri, mzere umodzi ndi anthu amene kale ndinkawaloza ndi ndodo. Ena ankandiseka. "Akapitawo, unyolo uja munausiya kuti?" Nyuzi ija, ndinamva, inalembanso kuti bwana wagulitsa malo ena okongola mwaulemu ndi mwamtendere. Msituwo ulipo. Tiyi anauzungulira mbali zonse. Apongozi anagona momwemo, pafupi ndi mayi awo.

Koma tsiku lija, nditakhoma chikhomo chomaliza, wogula anakwera machila ake n'kutsogola. Bwana anatsala. Anandiitana ndi chala. Ankalankhula motsitsa, mano atalumana.

"Ndinakutola ulibe malaya. Ndinakuphunzitsa ntchito. Ukudziwa chimene wanditayitsa lero? Chifukwa cha mbale yadothi?"

Ndinayang'ana nsapato zake. Zinali ndi dothi lofiira.

"Mawa ubwere ku ofesi. Ukanena pamaso pa mzungu uja kuti unachotsa miphika mwa nzeru zako, ine osadziwa. Ukatero unyolo ukhala wako. Wamva? Yankha!"

Kumbuyo kwake mkazi wanga anali kudzutsa mayi ake. Apongozi anaimirira, anakutumula nsalu, n'kupatukira m'nandolo kuti njira ikhale yanga, monga mwa masiku onse. Mkazi wanga sanapite nawo. Anatsala panjira, atanyamula thumba langa lopanda kanthu.

"Kapitawo! Ndikulankhula ndi iwe!"

Ndinavula unyolo paphewa. Ndinaupinda bwinobwino, mfundo ndi mfundo, monga anandiphunzitsira. Ndinauika pamwala, pafupi ndi phazi lake. Ndinatembenuka, n'kutsika njira ya kumudzi.